Masamba Pamsewu wa ku Soche

Angela anatsika phiri la Soche mabuleki akulira, fumbi lili koboo kumbuyo kwake. Chiyambireni mpikisano wa njinga m'mamawa anali atazungulira Michiru, n'kukwera Ndirande, ndipo tsopano manja anali atachita dzanzi moti handulo ankangoigwira mwa chizolowezi. Pokhota anacheuka pang'ono. Emily, mtsikana wa ku Lilongwe amene ankalimbirana naye malo oyamba, ankaoneka m'mwambamo ndi malaya ake ofiira, akuzemba miyala. Anali kutali ndithu, koma osati kutali koti munthu n'kupumira m'mwamba.

Mwa akazi onse a mumpikisanowo, woyamba yekha kufika ku Limbe ndiye amene akanatengedwa kupita ndi timu ku Joni. Kwa Emily imeneyi inali nkhani ya ulendo chabe, akalephera chaka chino adzayesanso chaka chamawa. Kwa Angela inali nkhani ya njinga yeniyeniyo.

Kunyumba kwake ku Nkolokosa njingayo inali itautsa mapiri pachigwa. Mayiyu ankadzuka kusanache, kutsetsereka msewu wa ku Chikwawa n'kukweranso, kubwerako kusambitsa Takondwa, kukamusiya kusukulu ya mkaka, kuthamangira minibasi ya m'tauni kuti asachedwe ku ofesi ya inshuwalansi. Madzulo kumsika, kuphika, kuchapa, kupukuta tcheni. Loweruka ndiye tsiku lonse kumapiri. Pachinkhoswe cha abale osaoneka, kumsonkhano wa amayi kutchalitchi osaoneka. Raphael, mwamuna wake, anali munthu wofatsa, wongoti chabwino pa chilichonse. Koma mayi ake a Raphael, okhala ku Soche, nkhaniyi inkawadya moyo. Iwo ankati mkazi wapabanja sangamayende m'misewu ndi kabudula wothina ngati wachita kupakidwa ndi penti, ndipo sanatope kunena mpaka nkhani inafika kwa ankhoswe. Ankhoswe anagamula kuti apikisane kamodzi kano. Akatengedwa ku Joni, banja limusiye azipalasa. Akalephera, njinga igulitsidwe, mkazi akhale pansi. Angela anavomera pamaso pa anthu osaphethira, chifukwa miyendo yake ankaidziwa.

Atangolowa pakati pa nyumba zoyambirira za ku Soche, anaona masamba aawisi atayalidwa modutsa msewu.

Aliyense wokulira kuno amadziwa kuti masamba pamsewu ndi maliro. Wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula, wanjinga amatsika n'kumakankha mpaka atadutsa masamba ena kutsogoloko. Okonza mpikisano anali atakhoma zikwangwani zawo dzulo lake, koma imfa inabwera pambuyo, ndipo sinawafunse njira.

Angela anafinya mabuleki, tayala lakumbuyo n'kukhwekhwereza. Anatsika, kuvula chisoti, n'kuyamba kukankha mwachangu. Sanapite patali. Anyamata a pamaliropo anali atapingasa benchi pamsewu, ena atakhalapo, ena ataima manja atapinda pachifuwa. Pambali panali Shafik, mmodzi wa olondolera njira za mpikisano, kambendera kali kukhwapa, thukuta lili kamukamu, akuimba foni yosayankhidwa. Anamunong'oneza Angela kuti amuna amene anali patsogolo anadutsa pamenepa ngati mphepo, osatsika, osavula zisoti, ndipo wina anatsala pang'ono kuwomba mayi wosenza ndowa ya madzi. Tsopano eni dera anali atakwiya, ndipo ananena kuti njinga iliyonse yobwera igona pomwepo.

Wamkulu wa anyamatawo, Bennet, anamuyang'ana Angela kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Mayi, inunso? Pamaliro ndi zovala zimenezi?"

Angela anapepesa. Anapepesera amuna aja, anapepesera kabudula, anapepesera ndi zimene sanalakwe zomwe. Anati akankha pang'onopang'ono, sayang'ana kumbali, sachita phokoso. Bennet anangopukusa mutu n'kunena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, iwo agwira amene amupeza, enawo akaonana nawo tsiku lina. Njira yolambalala inalipo, koma inali yobwerera kuphiri, ndipo wopatuka panjira ya mpikisano amachotsedwa. Mphindi zimene Angela anazisonkhanitsa ndi thukuta tsiku lonse zinkatayika iye ali chiimire.

Kenako kumbuyo kunamveka miyala ikuthetheka pansi pa matayala. Emily anafika, anaima movutikira, gudumu litatsala pang'ono kugunda benchi. Anayamba kufotokoza mopuma wefuwefu kuti ali pa resi, Chingelezi ndi Chichewa zikupingana pakamwa, koma palibe anamusamala.

Phokosolo ndi limene linatulutsa amayi a Mvano kuseri kwa mpanda, mabulauzi ndi maduku oyera mbee. Patsogolo pawo panali mayi a Raphael. Angela ankadziwa kuti njira ya mpikisano idutsa pafupi ndi kwa apongozi ake, ndipo anali atakonzeka kudutsapo ataweramitsa mutu, liwiro lili m'miyendo. Si uyu tsopano waima patsogolo pawo, ntchafu zili pamtunda, matope mpaka m'makutu.

Mayiwo sanakalipe, ndipo kukanakhala bwino akanakalipa. Anamva nkhani yonse modekha, kenako anauza Bennet kuti mtsikana wovala zofiirayo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Amupatse chitenje adutse wapansi. Mayi wina anamasula chitenje chapamwamba n'kumupatsa Emily, anyamata anakokera benchi pambali, Emily n'kudutsa. Angela anakankha njinga yake kuti atsatire.

"Inu ayi, amake Takondwa," anatero apongoziwo. "Inu si mlendo pano. Amene atisiya ndi mayi Likoswe."

Angela anaima ngati wamenyedwa mbama. Foni anali atazimitsa dzulo madzulo kuti agone bwino, ndiye sanamve kanthu. Mayi Likoswe anali oyandikana nyumba ndi apongozi akewo. Pamene Angela anabereka Takondwa kudzera mu opaleshoni, mayi ake omubereka ali kutali ku Mulanje, anali mayi Likoswe amene anamudikirira kuchipatala, kugona pasimenti pafupi ndi bedi lake, kumusambitsa, kumumwetsa phala ndi supuni.

"Ngakhale wogulitsa makala amatsika n'kufunsa kuti watisiya ndani," anapitiriza apongoziwo, mawu ali pansipansi. "Inu mudutsa pakhomo pawo osalowa?"

Benchi inali ikadali pambali. Msewu unali wotseguka. Kutsogoloko nsapato za Emily zinkalira kwa kwa kwa pamiyala, akukankha mwamsanga mmene ulemu ukanalolera. Angela anayang'ana pedulo. Kungoponda kamodzi, palibe mnyamata wa pamenepo amene akanamugwira, ndipo iye akanamupitirira Emily asanafike n'komwe pa masamba achiwiri. Anaganizadi zimenezo, tisamunamizire kuti ndi mngelo. Phazi linanyamuka. Koma maso a amayi onse aja anali pa iye, ndipo m'nyumbamo munkamveka kulira kwa mwana wamkazi wa malemuwo, mawu amene Angela ankawadziwa bwino.

Anapereka njinga kwa Shafik. Apongozi ake anamasula chitenje chawo n'kumupatsa osamuyang'ana kumaso. Pakhomo anavula nsapato zake zachitsulo kunsi, n'kulowa chowerama.

M'nyumba ya siwa munali mdima ndi kutentha, mipando itatulutsidwa, amayi atakhala pamphasa mothithikana. Angela anayenda chogwada mpaka pamene panali mwana wa malemuwo, anamugwira dzanja n'kunena pepani. Misozi inabwera yokha, yeniyeni, yosachita kuitana. Koma chomvetsa manyazi n'chakuti uku akulira, mutu wake unali pamsewu, ukuyeza pamene Emily wafika. Anadzida nazo, koma sakanatha kuzileka.

Ankati adzuke, amayi a Mvano analowa n'kuyambitsa nyimbo. Pasiwa munthu sadzuka nyimbo ili pakati. Amene ankatsogolera anali apongozi ake, ndipo nyimboyo anaikoka pang'onopang'ono, ndime ndi ndime, pomaliza n'kubwerezanso kolasi. Kaya anachita mwadala kaya ayi, adziwa ndi Mulungu. Angela anaimba nawo mano ali chilumire, miyendo ikuzizira, minofu ikuyamba kukungana pansi pa chitenje.

Nyimbo itatha anatuluka chobwerera m'mbuyo, kuvala nsapato, kulandira njinga. Anakankha mpaka pa masamba achiwiri osathamanga ngakhale pang'ono. Atangowadumpha anakwinyira chitenje m'chiuno, kumanga chisoti, n'kudumphira pachishalo.

Zimene anachita kuchokera pamenepo anthu a m'njiramo anazikamba kwa masiku. Miyendo yozizira ija inakana poyamba, kenako mnofu wa katumba unagwira ngati wina waukoka ndi pulayala. Anakuwa yekha, osasiya kupalasa. M'tinjira ta pakati pa nyumba nkhuku zinkabalalika, amayi ogulitsa tomato akukokera malichero kumbali. Mu nkhalango ya Kanjedza anadutsa pamizu ya bulugamu osagwira mabuleki, pamalo pamene masiku onse ankatsika mosamala. Madzi m'botolo anali atatha, kukhosi kuli gwa. Emily osaoneka. Anadutsa amuna awiri otopa amene ankakankha njinga zawo pachitunda, mmodzi n'kumuuza kuti wofiira uja wadutsa posachedwapa. Posachedwapa wa munthu wotopa sadalirika, koma Angela anawagwiritsa mawuwo ngati chingwe.

Anamuona Emily atayandikira Limbe, pachitunda chomaliza, malaya ofiira akugwedezeka uku ndi uku, chizindikiro choti nayenso mphamvu zamuthera. Oitanira minibasi m'mbali mwa msewu anasiya ntchito yawo n'kuyamba kukuwa kuti tchovani mayi achitenje, mwamupeza ameneyo. Angela anaimirira pamapedulo. Mpata unkachepa. Anayamba kumva magiya a Emily akulira, kenako kupuma kwake komwe. Emily anacheuka, maso ali tong'o, n'kuweramira pahandulo. Analowa pabwalo lomalizira motsatana, anthu akuomba m'manja, ndipo pamzere tayala lakutsogolo la Angela linali pafupi ndi tayala lakumbuyo la Emily. Pafupi, koma kumbuyo.

Angela anagwera paudzu, chifuwa chikuphulika. Emily anabwera kudzamukumbatira, akulira, akunena kuti woyenera kupambana anali Angela. Okonza mpikisano anamva nkhani ya maliro kuchokera kwa Shafik, anapukusa mitu momvera chisoni, koma anati malamulo sawerengera nthawi yotayika panjira. Wopita ku Joni anali Emily.

Raphael anafika atanyamula Takondwa paphewa. Anamupatsa mkazi wake madzi, n'kumuuza kuti wayesetsa, palibe angamunene. Poona chitenje chija anachizindikira kuti n'cha mayi ake, ndipo anavomera kuti za maliro anamva m'mawa, koma anaona kuti kumuuza kukanangomusokoneza. Kenako, mofatsa monga mwa khalidwe lake, anatambasula dzanja kuti agwire handulo, akuti njingayo aikweze m'galimoto ya mnzake. Angela sanaitaye.

"Kumaliro ndikupita, bambo a Takondwa," anatero atadzuka. "Ndikatunga madzi, ndikaphika, ndikagona komweko mpaka tiike. Koma njingayi sindigulitsa."

"Unalonjeza pamaso pa ankhoswe, Angela."

"Ndinalonjeza kupikisana ndi Emily, osati ndi mayi anu. Anandiimitsa, ine ndinaima. Anati lowani, ndinalowa. Mwambo ndausunga wonse, ndipo mwaona chimene wandidyera. Aitaneni ankhoswewo, ndikawauze ndekha."

Pa zaka zonse za banja lawo Raphael anali asanamvepo mkazi wake akuyankhula chotero, mopanda kukweza mawu komanso mopanda kupempha. Anachita mantha, pakuti anadziwa kuti ulendo uno chabwino wake uja samupulumutsa, ayenera kusankha poima.

Angela anamasula chitenje m'chiuno, kuchikutumula fumbi, n'kuchivala bwinobwino mpaka m'mapazi. Anapsompsona Takondwa pamphumi, anagwira njinga yake n'kuyamba kukankha kulowera ku Soche, akutsimphina. Raphael anamuyang'ana mpaka anakhota pa geti. Kenako anatsitsa mwana, anatulutsa foni m'thumba, n'kuyamba kufufuza nambala ya amalume ake, omwe anali nkhoswe yake.