Make Mayamiko

Ezeliya anafinya thewera lomaliza pang'onopang'ono, madzi akudonthera m'beseni, kenaka analikung'untha kamodzi mopanda phokoso. Chingwe choyanikapo zovala chinali pabwalo, pakati pa mtengo wa mango ndi nkhokwe, koma iye ananyamula beseni lake n'kuzungulira kuseri kwa nyumba, kuchigafa. Fodya anali atapita kale kumsika ndipo mikangala inali yopanda kanthu. Matewera a Mayamiko ankaumira mmenemo, mumthunzi, n'chifukwa chake fungo silinkatheratu ngakhale awachape chotani. Apongozi ake, a Nachisale, ananena kalekale kuti pabwalo pamadutsa anthu, ndipo munthu akaona matewera aakulu chotero amafunsa. Funso nalo limabala linzake.

Mayamiko anali mwana wake woyamba. Anabadwa osalira, ndipo tsopano anzake obadwa nawo chaka chimodzi anali atayamba sitandade wani, iye asanathe n'kukhala pansi yekha. Khosi lake linali lofewa, manja ofumbata nthawi zonse, ndipo masiku ena khunyu linkamugwira. Ankakhala m'chipinda chakumapeto, chimene zenera lake linayang'ana kuchigafa.

Ezeliya anali mtengwa. Kwawo kunali ku Kabudula, ndipo kuno ku Nsaru anabwera potsata mwamuna wake, Nedson, wopalasa njinga ya kabaza. Mtengwa sakweza mawu pamudzi pa eni ake. Mayamiko ali wakhanda anthu ankamuitana Ezeliya kuti make Mayamiko, monga ziyenera kukhalira. Koma zitadziwika kuti mwanayo sakukhala, sakukwawa, dzinalo linayamba kufota pakamwa pa anthu, anangoti “mtengwa uja.” Tsiku limene anabereka mwana wachiwiri, apongozi anamulandira pakhomo ndi nthungululu. “Takulandirani, make Triza!” Ndipo iye anavomera. Dzinalo analivomera tsiku limenelo, mpaka lero ankalivomerabe.

Akuyanika thewera lomaliza lija anamva njinga yamoto ikupatuka pamsewu n'kulunjika pakhomo pawo. Ankadziwa kuti ndi ndani. Mwezi wathawo, atapita ndi Triza kusikelo, anadikira amayi onse achoke, n'kunong'oneza namwino kuti kunyumba kuli mwana winanso. Atangotuluka pachipatalapo anayamba kudandaula kuti walankhuliranji.

“Make Triza!” anaitana apongozi ali pakhonde. “Mpando wa alendo!”

Anatulutsa mpando n'kuuika pamthunzi, iye n'kukagwada chapatali. A Nachisale ankasita bulauzi yawo yoyera ya chigwirizano ndi simbi yamakala, poti linali Lachinayi ndipo masana amayi amakumana kutchalitchi. Nedson anali patsinde pa mango, njinga itagadama, akusaka pomwe chubu chabooka.

Mlendoyo anavula chisoti. Anali mayi wamfupi wa magalasi, fumbi lili mbuu m'nsapato. Atalonjerana ndi onse anati, “Ndine Gertrude, namwino wa pachipatala chathu chaching'onochi. Ndabwera kudzaona mwana.”

“Triza? Suyo akuthamangitsa anapiyeyo,” anatero a Nachisale akuseka. “Ameneyo ngakhale sikelo yanu imadandaula. Amadya ngati waganyu.”

“Ameneyo ndimamudziwa, amayi. Ndikunena wamkuluyo. Mayamiko.”

Simbi inaima pabulauzi. Nedson anamiza chubu m'madzi n'kumayang'anitsitsa thovu ngati kuti moyo wake wonse uli mmenemo.

“Wakuuzani ndani?” anafunsa a Nachisale.

“Ife achipatala ntchito yathu ndi makutu,” anayankha Gertrude, osayang'ana n'komwe kumene kunagwada Ezeliya. “Ndabwera ndi nkhani yabwino. Mukudziwa mmene mayi wa mwana wotere amavutikira. Mankhwala a khunyu akatenge uku, mafizo owongola manja ndi miyendo akapange kutauni, za kadyedwe kwinanso, ndipo kulikonse akafika ayambenso kufotokoza kuyambira tsiku lobadwa. Tsopano boma lati tizisonkhana ifeyo, osati kumuzunguza mayi. Lachiwiri loyamba la mwezi tonse timakhala malo amodzi: adokotala, a mafizo, a zakudya, ndi aphunzitsi a ana otere. Mwana amaonedwa ndi onse tsiku limodzi. Ineyo ndimakhala ngati nkhoswe yake, woonetsetsa kuti zimene wanena uyu, uyonso wazimva.”

Ezeliya anaweramitsa mutu. Maulendo amenewo ankawadziwa. Anayendapo zaka ziwiri zoyambirira, mwana kumsana, m'maminibasi momwe anthu ankasuntha kuti dovu la mwanayo lisawakhudze. Chimene chinamutopetsa sichinali mtunda. Chinali kufotokoza nkhani imodzimodzi kwa nkhope zatsopano, mpaka inayamba kumveka ngati mlandu umene akuuvomera. Atasiya kupita, panalibe anamufunsa chifukwa.

“Nkhoswe?” anatero a Nachisale. “Chikukwatiwa kodi?”

Palibe anaseka. Iwo anaika simbi pamwala n'kupukuta manja pachitenje.

“Anamwino, musandione ngati munthu wouma mtima. Ine ndinachibereka kumsana kuno, kupita nacho kuchipatala cha mishoni, kupita nacho kumapemphero. Nanga mukudziwa zimene anthu ananena? Chaka chimene chinabadwa, fodya anatiyendera bwino, tinakhoma malata awa. Basi mudzi wonse unati Nedson wakhwimira mwana wake kuti alemere. Mwana wanga uyu, wobatizidwa, woimba kwaya! Kulemera kwake n'kumeneku, kumata machubu? Ine ndinkalowa m'tchalitchi amayi anzanga n'kumakodolana. Pano anthu anaiwala. Ndiye inu mukuti tichikweze panjinga mwezi ndi mwezi, tidutse nacho pamsika, ayambirenso?”

“Ndakumvani, amayi,” anatero Gertrude mofatsa. “Zimenezo zimapweteka. Koma si ufiti. Mwana akachedwa kupuma pobadwa, ubongo umavulala. Alipo ambiri, Lachiwiri lapitalo khonde linadzaza.” Kenaka anatembenukira kwa Ezeliya. “Inu ndinu mayi ake, eti? Ali kuti mwanayo?”

“Chagona,” anatero Ezeliya.

Liwulo linatuluka lokha, mmene limatulukira dzina la chiwiya. Gertrude anapendeketsa mutu.

“Pepani, sindinamve. Chagona n'chiyani?”

Sanafunse monyoza, ndipo n'zimene zinapweteka kwambiri. Pakhomo pano aliyense ankalankhula choncho. Chadya? Chasamba? Chikulira, kachioneni. Poyamba ankati “chilema chija,” kenaka liwulo analisiya, koma “chi” wake anatsalira, anakanirira ngati mwaye kudenga. M'chipinda muja, akakhala awiri, Ezeliya ankati “Maya wanga, mayi wanga,” akumupukuta kukamwa. Sankadziwa kuti akatuluka panja pakamwa pake pamasanduka pa eni mudzi. Anangoyang'ana nyerere imene inkakoka njere ya chimanga pafupi ndi bondo lake.

“Mwamva nokha,” anatero a Nachisale. “Chagona. Make Triza, apatseni alendo thobwa, ulendo ndi wautali.”

“Thobwa ndidzamwa tsiku lina,” anatero Gertrude akuimirira. “Sindingakukakamizeni. Popanda mawu a kholo ine sindingachite kanthu. Bambo, inu mukuti bwanji?”

Nedson anakanda kumutu ndi dzanja lonyowa. “Aa, mmene anenera amayimu.”

Gertrude anavala chisoti. “Chabwino. Tsalani bwino, amayi. Tsalani bwino, make Triza.”

Anaponda njinga, inakana. Anapondanso, inalira. Nthawi yomweyo kuchipinda chakumapeto kunamveka mawu aatali, okwera, othera m'chikhakhali. Mayamiko ankakonda kulira kwa njinga yamoto. Ikadutsa pamsewu ankaponya miyendo pamphasa n'kumaseka mpaka kutsamwa, ngakhale anali asanaionepo ndi maso.

Triza anasiya anapiye n'kuthamangira kwa mayi ake. “Amama! Maya wadzuka! Wadzuka Maya!”

Wadzuka. Kamwana kosatha n'kuvala kokha malaya kanadziwa kunena bwino. Ezeliya anadzuka pamene anagwada n'kulowa m'nyumba.

“Make Triza, mukupita kuti?” anafunsa apongozi.

Iye analunjika kuchipinda chakumapeto. M'chipindamo munali kamdima ndi fungo la mkodzo. Mayamiko atamuona anatambasula pakamwa ponse, mano awiri akutsogolo atagweruka kale ngati a mwana wina aliyense wa msinkhu wake. Ezeliya anamupukuta kuchibwano ndi nsonga ya chitenje, anamuchirikiza khosi ndi mkono, n'kumunyamula. Anali atatalika, mapazi ankamugunda m'maondo.

Atatulukira pakhomo, mwanayo anatsinzina chifukwa cha dzuwa, kenaka anatsegula maso n'kuiona njinga ija. Anakuwa ndi chimwemwe. Gertrude anazimitsa injini. Kumsewu amayi awiri ochokera kumjigo anachepetsa liwiro, ndowa zili pamutu.

“Anthu akuona,” ananong'ona a Nachisale. “Bwererani nacho m'nyumba. Iwe Nedson, sukuona?”

Nedson anaimirira, chubu chikulendewera m'manja, koma sanasunthe phazi. Ankayang'ana mwana wake ngati munthu amene wakumana ndi m'bale wake pamalo osayembekezera.

Ezeliya anagwada pamaso pa apongozi ake monga mwa masiku onse, mwana ali pamiyendo. Mawu ake anayamba motsika kwambiri, moti Gertrude anachita kuvulanso chisoti kuti amve.

“Amayi, ndikhululukireni. Anamwinowa ndinawauza ndine, kusikelo. Sindikunyozani. Munamubereka kumsana, sindinaiwale. Zimene anakunenani anthu ndinazimvanso, ine ankandinena kuti ndinamutaya mwana posinthana ndi malata. Koma taonani, malatawo achita dzimbiri, anthu aja anapeza nkhani zina, iyeyu akadali m'chipinda chomwe chija. Lero ndanena mwana wanga ngati ndikunena chitsa, pamaso pa mlendo, ndipo sindinadzimve n'komwe. Manyazi amene ndamva lerowa aposa a pamsika.”

Mayamiko anali atagwira mkanda wa m'khosi mwake ndi dzanja lofumbata lija.

“Sanagone. Wadzuka, ndipo dzina lake ndi Mayamiko. Matewera ake mawa ndiyanika pachingwe, aume ndi dzuwa. Anamwino, mawu a kholo mumafuna aja ndi amenewa, tibwera. Koma mukamandiitana pakhonde panupo, musadzati make Triza. Triza ndi wanga, koma anapeza ndili kale ndi dzina. Ine ndine make Mayamiko.”

Kenaka anatembenukira kwa mwamuna wake, ndipo kwa nthawi yoyamba pa zaka zambiri anamuitana mmene ankamuitanira kale.

“Bambo a Mayamiko, chubucho mumate bwino. Lachiwiri mutinyamula, ndipo tidzera pamsika.”