Tsiku Limene Haugen Anakana Kukhala Pansi

Ine Verna Kucera sindinam'voterepo Delbert Haugen, ndipo mwini wake ankadziwa. Anakhala phungu wathu m'nyumba ya malamulo ya chigawo chino zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, ntchito kukana basi. Zokweza malipiro a aphunzitsi anakana. Zoti mfuti zizilembetsedwa anakana mpaka thovu kukamwa. Tikakumana kutchalitchi ndinkangoyang'ana kumbali.

Ndimaphunzitsa pasukulu ya chipinda chimodzi ku Dry Fork, ana asanu ndi anayi, onse a m'mafamu a ng'ombe. Chaka chimenecho kunabwera bilu ya maphunziro ya masamba mazana anayi, ndipo mkati mwake munabisala mzere woti sukulu ya ana osakwana khumi ndi asanu itsekedwe. Ana anga akanamayenda pabasi maola awiri kupita, awiri kubwerera, m'nyengo yachisanu. Biluyo inali ya chipani cha Haugen, mavoti analiponso okwanira. Tsiku lomaliza la zokambirana ndinapita kulikulu, osati ndi chiyembekezo ayi, koma kuti ndiwaone nkhope akamatitsekera.

Lamulo kuno limati tsiku limenelo nyumba itseke sikisi koloko madzulo, ndipo bilu yomwe sinavoteredwe imafera pomwepo. Yathu anaitenga wani koloko. Ndili m'mipando ya alendo pamwamba, ndinaona Haugen akudzuka movutikira, paja ng'ombe yamphongo inam'thyola chiuno kalekale.

"A Sipikala, ndikupempha kuti mlembi aiwerenge yonse, liwu ndi liwu."

Ufulu umenewo phungu aliyense ali nawo, bola akhale chiimire mpaka kuwerenga kuthe. Chibadwire ndinali ndisanamvepo wina ataugwiritsa ntchito. Anzake anam'zungulira, ena kum'nyengerera, ena kum'opseza kuti am'thamangitsa m'chipani. Wina anamuuza m'maso kuti ukalamba wam'lowa m'mutu. Iye anangoti savotera chinthu chimene aphungu anzake sanachimve ndi makutu awo.

Mlembi anawerenga. Ola loyamba anthu ankaseka. Lachitatu kunalibe woseka. Haugen, munthu wa zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi, thukuta lili kamukamu, manja atagwira desiki, osapempha ngakhale madzi! Ndinachita mantha, abale, mantha aja umachita ukaona chinthu chokuposa msinkhu. Sikisi itakwana mlembi anali pa tsamba 290, ndipo Sipikala anamenya nyundo, bilu n'kufera pomwepo.

Panja pa chipinda cha zokambirana mlembi uja, mawu atasasa, anandiuza zomwe sindinkadziwa. Bilu yotsatira pamndandanda inali ya Haugen mwini, yotsitsa msonkho wa minda. Anaimenyera nkhondo zaka khumi ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kuti apeze mavoti okwanira. Nayo inafera pomwepo, ndipo iye anali atalengeza kale kuti sadzaimanso pachisankho.

Haugen ndinam'peza yekhayekha pamwamba pa masitepe, akuyang'ana pansi. Mawu onse amene ndinakonza anandithawa. Ndinangoti ndamva za bilu yake ija.

"Zisiyeni zimenezo, mayi Kucera. Tandigwirani mkono, mwendowu wauma."

Ndinam'gwira. Anali wolemera kwabasi. Tinatsika sitepe imodzi imodzi, aphungu a chipani chake akutidutsa osam'patsa moni.