Foni ya Nasibeko Ikufuna Dzina

Zakeyu, wokonza mafoni pakhonde la sitolo ina ku Balaka, analota masanasana, mutu uli pabenchi.

Kunabwera Nasibeko, mkazi wake amene anamuika m'manda chaka chatha. Anaima pamzere ngati wina aliyense, kumbuyo kwa mayi wogulitsa tomato. Itakwana nthawi yake, anapereka foni yake yakale, yomanga ndi labala ija.

"Bambo a Lusiya, mundiikire netiweki yatsopano. Yakunoyi siifika kwathu."

Zakeyu sanadabwe, ntchito ndi ntchito. Anatsegula masetingi. Panali 3G, 4G, 5G monga mwa masiku onse, koma mndandandawo sunathere pomwepo. Unatsika pagalasi la foni, n'kugwera pansi, n'kuyenda mumsewu ngati linthumbu mpaka ku Phalula, kumene kunkakhala mwana wawo Lusiya. Lusiyayo Zakeyu anamupirikitsa pakhomo atatenga mimba yapathengo. Khanda linali litabadwa, uthenga n'kubwera kawiri kuti agogo adzatche dzina, iye duu. Anali wouma mtima, ndipo ankanyadira zimenezo.

Anasankha netiweki ya pansi penipeni. Foni inalankhula mwaulemu: "Lembani dzina la polowera."

Analemba lomwe amalembera makasitomala onse, foni inakana. Analemba lake, inakana. Atalemba la Nasibeko, timizere ta netiweki tinathothoka n'kugwera pabenchi ngati mano.

"Maina amenewo anagwira kale ntchito yawo," inatero foni.

Pamenepo anamva khanda likulira m'kati mwa batire, kulira kotopa kwa munthu amene waitana nthawi yaitali. Zakeyu anagwidwa manyazi, manyazi ofika m'mafupa.

"Mdzukulu wanga ndizimuitana kuti ndani, bambo?" anafunsa Nasibeko. "Fulumirani. Batire latsala pang'ono, ndipo kwathu kulibe potchajira."

Zala za Zakeyu zinalemera ngati zomanga ndi njerwa. Dzina anali nalo, Tiyanjane, analisunga mumtima chibadwire mwanayo, osauza munthu. Anangolembako "Tiya", foni n'kuthima. Pamene panali Nasibeko panatsala kalabala kokha.

Anadzidzimuka kasitomala akumugwedeza phewa, koma sanamuyang'ane n'komwe. Anatola foni yake. Nambala ya Lusiya anaifufuta kalekale, komabe chala chinkaikumbukira. Inaitana kanayi.

"Halo? Ababa?"

"Umuike foniyo pakhutu mwanayo," anatero Zakeyu. "Ndimalize dzina lake."