Kalebe Pamlatho

Isake wa ku Dzoole, mlimi wa fodya, anali asanakhudzepo kompyuta, komabe masewera a pakompyuta anamulowa m'magazi kuposa mpira. Kompyutayo inali m'kachipinda kuseri kwa sitolo ya a Yakubu pa Mponela. Mwana wawo Nasser anabwera nayo kuchokera ku Blantyre mu 1998, chifuwa chitamusiyitsa ntchito.

M'masewerawo dziko linali litapsa ndi mabomba. Mizinda phulusa lokhalokha, makoswe aakulu ngati mbuzi, madzi akupha. Anthu ochepa otsala anatuma munthu mmodzi kukasaka mbewu yosapsa, ndipo munthuyo ndiye ankayendetsedwa ndi wosewera. Awiriwa anamutcha Kalebe.

Ntchito ankagawana. Nasser ankadina mabatani n'kumamasulira Chingerezi. Isake ankajambula mapu m'kope la sukulu n'kumalamula.

"Usagule mfuti, aise, gula nsapato!"

"Iwe mlimi iwe, khoswe ukamuponda ndi nsapato?"

"Ukafika ndi zikang'a uko?"

Kalebe akaphedwa, Nasser ankangodina kawiri katatu, munthu n'kudzukanso. Pangano lawo linali limodzi: wina asasewere mnzake palibe.

Patatha miyezi isanu mbewu inapezeka. Kunatsala kuwoloka mlatho wa achifwamba, womwe unali utawakanika kasanu ndi kawiri. Basi, nyengo yogulitsa fodya inakwana, Isake n'kupita ndi mabelo ake ku okushoni ku Lilongwe. Lole inakhala pamzere masabata awiri. Anzake ankadandaula za mitengo, iye ali pamwamba pa mabelo ndi kope lake, mpaka anaipeza nzeru: Kalebe ataye katundu yense, atsale ndi mbewu yokha, athamange cha kumanzere kumene mlonda amayang'ana kumbali.

Atatsika minibasi pa Mponela sanaganize za kwawo n'komwe. Anapeza chitseko cha sitolo chotsekula mbali imodzi, a Yakubu ali pabenchi.

"Wawa, bambo! Nasser ali m'kati? Ndaipeza njira!"

A Yakubu anayang'ana kope lija nthawi yaitali.

"Khala pansi, mwana wanga. Nasser tinamuika Lachiwiri. Anatisiya m'mawa kuchipatala cha ku Mtengowanthenga, dzuwa lisanapendeke tinali titabwerako kumanda. Ife Asilamu sitigoneka maliro. Tikanakupeza kuti?"

Isake anakhala, kope lili pamwendo.

"Makina aja amalume ake awatenga mawa kupita nawo ku Limbe," anatero a Yakubu. "Masabata onsewa Nasser anakana kuwayatsa. Amati, Isake angandidule makutu. Ndiye kamuwolotse munthu wanuyo. Ankamutchula ngakhale kuchipatala."

M'kachipinda muja munali mukununkhabe mankhwala opaka pachifuwa. Isake anavundukula nsalu yophimba kompyuta, nakhala pampando umene sanakhalepo chiyambire. Poyambira ankapadziwa, poti anaonerera kambirimbiri: batani lalikulu, kachithunzi ka chigaza, mzere wachiwiri. Kalebe uyo, ali chilili kutsogolo kwa mlatho, thumba la mbewu kumsana.

Koma zala zozolowera khasu ndi kusoka fodya zinakana. Akati kumanzere, Kalebe ankazungulira pomwepo. Akati thamanga, ankagwada. Katundu sanatayike n'komwe. Anafika pakati pa mlatho, mfuti inalira kawiri, Kalebe gwa!

Panatuluka mizere inayi ya Chingerezi. Isake anali ataiona kangati mizereyi, koma nthawi zonse maso ake amakhala pamapu, pakamwa pali kukalipa. Sukulu analekezera Sitandade 5.

"Bambo, akafa chonchi, Nasser ankadina pati?"

"Ine ndimadziwa sopo ndi mchere, mwana wanga."

Isake anapukuta manja pathalauza, nasankha mzere woyamba. Kompyuta inalira pang'ono. Kenaka panaoneka phanga, moto, anthu atazungulira, ndi munthu wina wopanda dzina, wopanda nsapato, wopanda thumba. Apa m'pamene anayambira miyezi isanu yapitayo. Anadinanso apa ndi apo; mlatho sunabwerenso.

A Yakubu anawerama, magalasi ali pamphuno.

"Awa ndi abale ake? Ndiye kuti wafika kwawo?"

Isake anatseka kope lija.

"Wafika, bambo."

"Alhamdulillah," anatero mkuluyo, n'kutuluka msangamsanga kukauza mayi ake a Nasser.

Isake anatsala yekha, chipumi chili pathebulo, mapewa akugwedezeka.