Chakudya Chosafuna Moto

Amayi anga anagwira ntchito yophika pa sukulu yogonera komweko kwa zaka makumi atatu. Ana mazana anayi, katatu pa tsiku, osapsereza mphika ngakhale kamodzi. Ndiye tandiuzani, munthu wotereyu mungayambire pati kumuuza kuti asayandikirenso moto? Ine ndinawauza, ndi pakamwa pangapa.

Mutu wawo unayamba kusokonekera pang'onopang'ono. Poyamba tinkaseka. Makiyi tinkawapeza mu firiji, magalasi ali kumaso iwo akuwasakasaka nyumba yonse. Kuseka kunatha tsiku limene anatereka mafuta pa chitofu n'kukakhala panja kuothera dzuwa. Katani wa kukhitchini anapsa mpaka m'mwamba, ndipo akanapanda mayi woyandikana nafe kuona utsi, bwenzi pano tikukamba zina. Mwana wathu mmodzi yekhayo, mtsikana wa zaka zisanu ndi zitatu, anali m'chipinda akulemba za kusukulu. Timamutcha Kachala, chifukwa chala chake sichichoka m'botolo la chiponde.

Bambo a Kachala ndi makaniko, munthu wosachuluka mawu. Anamangirira kabokosi ka loko pa swichi ya chitofu, kiyi n'kuponya m'thumba la ovolosi. Atasamba m'manja anandiitana.

"Mayi a Kachala, apongozi ndimawakonda, inunso mukudziwa. Koma zikadzachitikanso zoika mwanayu pangozi, tidzakawasiya ku nyumba yosamalira okalamba. Sindidzabwerezanso."

Ndinawalalatira, ndisaname. Ndinati amayi anga si injini yakutha yoti n'kukataya kuseri kwa galaja. Ndinatinso ndikadzakalamba ine adzandisiye pa depoti basi, zisadzawavute. Iwo mawu awo sanabweze.

Chitofu chitakhomedwa, amayi anayamba kufota ndikuona. Ankalowa kukhitchini, kupotokola mabatani, kuika dzanja pamwamba kuti amve kutentha.

"Magetsi azima kodi?"

"Eya, amayi, azima."

Bodza limeneli ndinkalinena kakhumi pa tsiku. Kenaka anasiya n'kufunsa komwe. Ankangokhala pa mpando wa pakhomo manja lende, chakudya n'kumangochitosatosa. Tsiku lina anandiuza kuti, "Ine pano ndikungotha zakudya za eni. Ntchito yanga n'chiyani m'nyumba muno?" Ndinakalirira kubafa.

Ine ndine telala, ndili ndi kashopu pafupi ndi depoti ya mabasi. Nzeru inachokera kwa namwino wina amene ndinkamukulitsira yunifolomu, poti m'chiuno inali itayamba kumukana. Ndili ndi mapini pakamwa, ndinamudandaulira zonse.

"Musawalande manja, asisi," anatero. "Apatseni chopanga chosafuna moto kapena mpeni. Nthochi ziwiri zakupsa kwambiri aziphwanye ndi foloko. Athire masupuni atatu a chiponde, mphesa zouma dzanja limodzi, ndi mabisiketi ofinya ndi manja kuti zilimbe. Aumbe timipira, atigubuduze mu mkaka wa ufa, mu firiji theka la ola. Basi. Ana amachita kulimbirana."

Loweruka ndinayala zonse patebulo. Amayi anaziyang'ana ngati akuona wophunzira wochedwa ku chakudya.

"Chakudya chosapita pamoto n'chakudyanso? Mwanawe, ulesi udzakupha."

"Tangoyesani, amayi."

Ndinayamba ndine. Sindinafike patali, foloko anandilanda.

"Asa! Chiponde wachulutsa. Ndipo manja umayamba wanyowetsa, apo ayi zikukakamira. Unakulira m'nyumba ya yani iwe?"

Abale inu, ndinaona amayi anga akubwerera. Msana unawongoka. Timipira tawo tinkatuluka tofanana ndendende, pomwe tanga tinali ngati timiyala ta mumsewu. Vuto linali limodzi: sankadziwa kupangira anthu anayi. Ankaumba makumi anayi, tina tinkapita ku galaja, tina kwa oyandikana nawo, ndipo nthochi m'nyumba mwathu zinkatha ngati tikuweta anyani.

Kwa miyezi itatu zinayenda choncho. Ndikamapita ku shopu m'mawa, ndinkawasiyira zonse patebulo, nthochi, botolo la chiponde, mphesa, mabisiketi ndi chitini cha mkaka. Kachala akaweruka kusukulu ankapeza mbale ikumudikira. Amayi ankaima pambali pake manja m'chiuno mpaka amalize, monga ankachitira ndi ana a eni aja. "Palibe wodzuka mbale isanayere," ankatero, Kachala n'kumaseka chiponde chili mbuu pamphuno. Dzina langa ankaliiwala masiku ena, koma nthawi yoweruka mwana sankaiphonya.

Tsopano mvetsani bwino apa, chifukwa sindifuna wina adzanene kuti analakwa ndi amayi. Lachitatu lina m'mawa, pepala la sopo wa ufa wochapira linang'ambika pansi. Ine sinditaya chitini. Ndinatenga cha mkaka chimene chinatha dzulo lake, n'kukhuthuliramo sopoyo, woyera mbee. Ndinati ndilembepo, cholembera osachipeza. Nthawi inali itatha, kasitomala wa diresi la ukwati akundiimbira kachitatu. Ndinachisiya patebulo pomwepo, pafupi ndi nthochi, mkaka watsopano uli m'kabati wosatsegula. Amayi mphuno zawo zinali zitasiya kale kumva fungo.

Cha m'ma fili koloko masana foni inalira. Anali mayi woyandikana nafe uja.

"Thamangirani ku chipatala. Kachala akusanza thovu."

Sindikumbuka kuti shopu ndinakhoma kapena ayi. Ndinamupeza pabedi, milomo yotupa, maso ofiira psuu, botolo la madzi likudonthera m'mkono. Dokotala anati mwayi ulipo, pakhosi papsa koma pachira, agone masiku awiri. Atatuluka ndinakhala pambali pa mwana wanga.

"Kachala, sunamve kuti zikuwawa?"

"Ndinamva, amami. Koyamba komwe." Mawu ankatuluka mosasa.

"Ndiye unadyeranji, mwana iwe?"

"Agogo anaima pomwepo akumwetulira. Ndikanalavula, akanaitana anthu, adadi akanadziwa." Anameza malovu movutika. "Ndinamva zimene ananena tsiku la moto lija."

"Unadya tingati?"

"Tinayi. M'mbale munali tinayi. Musawauze adadi, chonde."

Adadi akewo anali ataima pakhomo, ovolosi yawo ili mafuta okhaokha. Anamva zonse. Anatuluka, ine n'kuwatsatira. Ndinawapeza atatsamiza mutu kukhoma la m'khonde, mapewa akugwedezeka. Zaka khumi ndi ziwiri tili m'banja, ndinali ndisanawaonepo akulira.

"Mawu aja ndabweza," anatero osandiyang'ana. "Ndine ndamudyetsa sopo mwanayu ndi pakamwa panga. Apongozi asapite kulikonse. Ndikhoma makabati onse, ndigula maloko khumi."

Ndi zimene ndinkafuna kumva miyezi yonseyi. Koma zitabwera, mtima wanga unakana.

"Ayi, bambo a Kachala. Lero ndi sopo, mawa chidzakhala chiyani? Ine ndidzaiwalanso china, ndine munthu. Ndipo mwanayu adzamezanso, kuti asunge agogo ake. Ntchito imeneyo si ya mwana."

Ndinadzida polankhula mawu amenewo, ndipo mpaka lero ndimadzida.

Mawa lake masana ndinapita kunyumba kukatenga zovala za mwana. Ndinapeza amayi atakhala patebulo la kukhitchini, chitini chija chili patsogolo pawo, pambali kapu yodzaza thovu. Atadzutsa mutu ndinadziwa kuti lero mutu wawo uli bwinobwino. Masiku oterowo ankabwera mwa apo ndi apo, maso awo n'kukhala akuthwa ngati kale.

"Ndathira m'madzi," anatero, akuloza kapuyo. "Mkaka suchita chonchi."

Ndinakhala pansi.

"Mwana ali kuti?"

"Ku chipatala, amayi. Akupeza bwino, mawa atuluka."

"Ndine ndamudwalitsa?"

"Ndine ndinaika sopo m'chitinimo. Kulakwa n'kwanga."

"Sindinafunse woika. Ndafunsa amene anaumba n'kumuimirira mwana kuti amalize."

Iwo anayang'ana manja awo nthawi yaitali, kuwatembenuza uku ndi uku.

"Zaka zonse zija, palibe mwana wa munthu anadwalapo m'mimba chifukwa cha ine. Lero ndayambira wa m'nyumba." Sanalire. Wolira ndinali ine, mamina ndi misozi, ngati kamwana. Anandisiya ndilire, kenaka anandigogoda pa dzanja ndi chala. "Pukuta kumaso. Kuja ankanena mwamuna wako kuja, malo aliko?"

Sindinkadziwa kuti nawonso anamva. Nyumba yathu ndi yaing'ono, ife tokha ndi amene tinkaganiza kuti tikunong'ona.

"Aliko, amayi. Ndinaimbako foni m'mawa."

"Wachita bwino. Ukandisiye mawa. Usadikire sabata, usadikire kuti mwana andione ndikupita. Mawa lomweli, ndisanaiwale chifukwa chake."

Tinalongedza limodzi dzuwa lisanalowe. Anasankha okha madiresi anayi, juzi ya buluu, ndi chithunzi cha Kachala ali ndi mano awiri. Anapinda chilichonse bwinobwino, n'kundiuza kuti ndizikumbukira kumudula zikhadabo mwanayo chifukwa ine ndimazengereza.

M'mawa kutacha ndinawapeza atakhala pabedi, akuyang'ana sutikesi modabwa.

"Akupita ndani?"

"Tikupita tonse, amayi."

Ndinagwada kuwaveka nsapato. Bambo a Kachala anali ataliza kale galimoto panja. Amayi anandigwira paphewa, maso ali mwazumwazu.

"Kuti? Mwana aweruka posachedwa, apeza ndani?"

"Apeza ine."

Anakwera mosavuta, poti ndinawagwira dzanja. Koma galimoto itakhota pa depoti n'kutenga msewu umene sankaudziwa, anatembenukira kwa ine. Anandikoka malaya.

"Mwanawe, ukukanditaya? Ndakulakwira chiyani?"

Anafunsa funso limenelo njira yonse, mwina kakhumi, mwina kuposa. Chifukwa chake ndinkachidziwa, ndipo dzulo lake anachita kundiuza okha. Ndikanawakumbutsa, akanamvanso kachiwiri kuti anadyetsa mdzukulu wawo sopo. Ndinasankha kuti andione ngati mwana woipa.

"Palibe, amayi," ndinkangoyankha. "Simunalakwe chilichonse."