Galimoto Imene Ankati Imamwa Magazi

Ku Makhuwira kuli anthu amene akaona mbuzi ikubzikula amati ikunena miseche. Anthu otere ndi amene anamuphera Hilario galimoto ya malemu bambo ake.

Inali galimoto yakalekale, yaitali ngati bwato, imene inathawitsa banja lawo kuchoka ku Mozambique nthawi ya nkhondo, Hilario akadali wa kumsana. Chimene iye ankanyadira koposa chinali giyabokosi yake ya otomatiki, yomwe ija inachokera nayo kufakitale, yosatsegulidwapo ndi makaniko aliyense. Amakaniko a pa Boma anamunyengerera mpaka kutopa kuti aichotse, aikemo ya minibasi. Iye ankangowayang'ana ngati amutukwanira mayi. Oilo wake wofiira ankakagula yekha ku Blantyre, n'kumasintha yekha pansi pa mtengo wa bwemba, atagona chagada m'fumbi lotentha.

Ndiye oilo ameneyo ndiye anabala nkhani. Mlongo wake Agnesi anali ndi mwana wamkazi, Favour, amene malungo sankamupatsa mpata, ndipo kuchipatala anati magazi amuchepera. Anthu anayamba kulumikiza zosalumikizika. Mwana alibe magazi, koma pansi pa galimoto ya atsibweni ake pamadontha zofiira. Komanso galimoto yanji yopanda kilachi, yosintha yokha magiya? Akusinthayo ndani? Pius, mwamuna wa Agnesi, munthu woti ngakhale tcheni cha njinga chimamukanika kubwezera, anatenga mafunso amenewa n'kupita nawo kwa mneneri Smart. Mneneriyo sanachedwe kuona masomphenya.

Tsiku la msika, Hilario atapita kudimba, Pius ndi mneneriyo anabwera ndi sipanala yobwereka. Anamasula bawuti ya pansi, oilo yense n'kuthira m'dzenje akuimba nyimbo. Chigubu chatsopano chimene chinali m'nyumba nachonso anachikhuthulira momwemo, n'kukwirira.

Hilario atafika masana anapeza bawuti ili m'fumbi, beseni lofiirira lili pambali. Anagwada, nasolola kawaya koyezera oilo. Kanatuluka kouma. Mtima unamupsa.

"Alamu!" anakuwa. "Wagwira galimoto iyi ndani?"

Pius anatuluka atapinda manja pachifuwa, ngati munthu amene wapha njoka m'nyumba ya eni.

"Tachotsamo magazi a mwana wathu. Akumidima anu aja azisintha magiya ndi njala."

"Magazi? Mutu ukuyenda bwinobwino inu? Ndi oilo ameneyo! Amagulitsa m'sitolo, pachigubu pali ndi chithunzi cha giya!"

"Nanga afiiriranji?"

Funso limeneli linamutsamwitsa Hilario. Munthu wamkulu, wandevu zake, kufunsa zoterezi! Anatola sipanala ija, ndipo Mulungu yekha ndiye akudziwa kumene ikanagwera. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka: chitsiruchi chinali mwamuna wa mlongo wake. Anaiponya pamtengo wa bwemba, khungwa n'kuthetheka.

Chimene chinamulasa kwambiri n'chakuti Agnesi anali ataima pakhomo, maso pansi, osamuikira kumbuyo. Agnesi, amene anaphunzira kuyenda atagwirira chitseko cha galimoto yomweyi.

"Nawenso, Agnesi? Ine kumwa magazi a Favour?"

"Achimwene, ndinasowa pogwira," anayankha motsitsa. Asanamalize, m'nyumba munamveka kulira kwa mayi wina woyandikana nawo. Favour anali atakomoka.

Anamutulutsa ali lobodo, m'manja muli mbuu, milomo yoyera. Akabaza onse anali kumsika. Mneneri Smart, amene anali akudya nsomba kuseri kwa nyumba, anati apite kaye kuphiri akapemphere, ndipo sanaonekenso. Pabwalo panatsala galimoto imodzi yokha, youma m'mimba.

Hilario anadziwa chimene chatsala, ndipo chinamuwawa asanachichite. Anamanga bawuti ija mano ali gwa.

"Bweretsa mafuta ako okazingira mandasi. Chigubu chonse."

"Achimwene, si muononga..."

"Mwaononga kale! Thamanga!"

Anathira mafuta ophikira m'giyabokosi imene bambo ake sankalola ngakhale fumbi kulowamo. Ankathira akutukwana m'Chisena, misozi ikugwera pa injini. Ataliza injini, anakokera giya pa D, poyendera. Galimoto inazengereza, inalira, kenaka inagwedezeka n'kunyamuka.

Msewu wonse wopita ku Thabwa Hilario ankaimva ikufa. Giya iliyonse inkalowa mochedwa, ndi chigugu chimene ankachimva m'chiuno mwake. Dzuwa la kuchigwa nalo silinachite chisoni. M'galimoto munayamba kununkha mafuta opserera, ndipo Pius, amene anakhala kumbuyo ndi mkazi wake ndi mwana, anayesa kutsegula pakamwa.

"Alamu, kodi utsiwu..."

"Mukayankhulanso mutsika pompano."

Anawoloka mlatho wa Shire injini ikukuwa koma matayala akungoyenda mwaulesi. Pa chitunda cholowera pa Boma, giyabokosi inalira kamodzi ngati mbale yosweka, basi. Injini inkalirabe, galimoto osasuntha. Hilario anazimitsa, nanyamula Favour paphewa, n'kuthamanga naye mtunda wotsalawo, osacheukira galimoto imene inali kufuka pakati pa msewu.

Kuchipatala anamwino anamulandira mwanayo msangamsanga. Posakhalitsa mmodzi anatuluka n'kunena kuti pakufunika magazi, achibale ayezetse. A Agnesi anapezeka ochepa. Pius anayamba kukanda m'mutu, akuti mneneri anawauza kuti magazi a m'banja mwawo asatulukenso, pakuti ndi momwe adani amalowera.

Hilario anaseka, koma sikunali kuseka kwabwino. Anapinda mkono wa malaya, mkono umene unali wakuda ndi girisi mpaka m'chigongono.

"Nkhabe, ayi, musavutike nawo awo. Yezani anga."

Magazi ake anagwirizana ndi a Favour. Atagona pabedi, singano ili m'mtsempha, anaitanitsa mlamu wake kuti alowe. Pius analowa chogwira chipewa m'manja, maso akuthawa thumba limene linali kudzaza pang'onopang'ono.

"Ayi, musayang'ane kumbali," anatero Hilario. "Yang'anitsitsani, alamu. Magazi amaoneka chonchi."

Favour anatsegula maso dzuwa lisanalowe. Agnesi anabwera kudzagwada pafupi ndi mchimwene wake, akulira, akuti galimoto ija adzathandizana kuikonza, aikemo ngakhale giyabokosi ya minibasi.

Hilario anachotsa dzanja lake m'manja mwa mlongo wakeyo. Chibale ndi fupa, inde, sichiola, koma tsiku limenelo chinkamununkhira. Anatuluka yekha kupita kumsewu kukapempha anthu amuthandize kukankhira galimoto ya bambo ake pambali.