Tsiku Limene Jestina Anayankha Aphunzitsi Ake

Jestina anamva dzinalo ali mkati mopukuta mabuku m'kalaibulale ka parishi. Galimoto ya chimkuzamawu inkadutsa pamsewu wa ku Bembeke ikulengeza kuti Loweruka a Benedicto Kachigamba, ofuna kukaimira deralo ku nyumba ya malamulo, adzayankhula pabwalo la mpira. Anatseka makutu ndi zikhatho mpaka phokoso litazilala, koma dzinalo linali litalowa kale.

Zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo, a Kachigamba anali mphunzitsi wake wa Sitandade 4. "Undiyang'ane m'maso ndikamayankhula!" ankakuwa motero. Jestina sankatha, poti maso a munthu ankamutentha ngati makala. Akaopa kapena akakondwa, manja ake ankakupiza okha. Aphunzitsiwo ankawamanga kumbuyo ndi luzi, kenako n'kumuimika kutsogolo kuti kalasi yonse imuimbire kuti chidzete.

Amayi ake anamuzunguza kwa asing'anga atatu, mpaka msana unadzaza mphini. Atakula anakwatiwa, koma banja linatha chimanga chisanache, mwamuna akuti sangakhale ndi mkazi wothawa alendo. Jestina anavomera mumtima kuti analodzedwa ali m'mimba.

Kenaka, sukulu zaulere zitayamba, kuparishi kunabwera makatoni a mabuku akale ochokera kunja. Limodzi linali lothothoka chikuto, lolembedwa ndi mayi wina wofotokoza moyo wake. Jestina analiwerenga miyezi itatu, dikishonale ili pamwendo. Mayiyo ankaopa maso a anthu. Phokoso linkamulasa m'mutu. Manja ake ankakupiza. Madokotala anamuuza ali wamkulu kale kuti zimenezi zili ndi dzina, otizimu, ndipo ndi momwe ubongo wa anthu ena umabadwira.

Tsiku lomwe anamaliza bukulo, Jestina analira mpaka Asisitere oyang'anira laibulale anaganiza kuti kwagwa maliro. Misozi itauma, mumtima munatsala moto. Ngati sanalodzedwe, ngati sanali chidzete, ndiye luzi lija linali la chiyani?

Lachisanu anapeza mchimwene wake Rafaelo akukumba mbatatesi kudimba.

"Achimwene, mawa ndikukawafunsa a Kachigamba."

Rafaelo anaimika khasu. "Kuwafunsa chiyani? Mlongo wanga, zakale n'zakale. Munthu uja walonjeza mlatho. Ukufuna utichititse manyazi pagulu?"

"Mumati mlandu suola. Munanena nokha chaka chatha, pa nkhani ya malire a munda."

"Umenewo ndi mwambi chabe!"

"Ndiye ndi wabodza?"

Rafaelo anayambanso kukumba.

Loweruka kunacha ndi nkhungu. Jestina anatsekera thonje m'makutu, nakhala kumapeto kwa khamu. Ng'oma zinkamugunda pachifuwa, nthungululu zikumubaya m'mano, ndipo kawiri konse miyendo inafuna kumuthawitsa. Anapirira poganizira nkhope ya nkhalambayo ikadzagwa. Ankafuna anthu awaseke mmene anamusekera iye, awaloze zala, awaimbire nyimbo.

A Kachigamba anali atanenepa, imvi zili mbuu. Atatha kulonjeza mlatho ndi feteleza, anati, "Ino ndi demokalase. Ali ndi funso afunse."

Jestina anaimirira. Maso anawaloza pa mtengo wa paini kuseri kwa nsanja.

"Aphunzitsi, ndine Jestina Chimtengo. Munandimanga manja kakhumi ndi kasanu ndi kawiri. Ndikufuna mundiuze chimene ndinalakwa."

A Kachigamba anaseka, natembenukira khamu. "Mayiwa sindikuwakumbuka. Kaya kumutuku zili bwino?"

Ena anaseka. Mawuwo anamupweteka kuposa luzi: iye anawasenza bambowa moyo wake wonse, iwo osadziwa n'komwe dzina lake. Manja anayamba kukupiza. Kale akanawabisa m'chitenje. Lero anawasiya, anthu onse akuona.

"Kumutu kuli bwino," anatero. "Lachiwiri, pa 12 Febuluwale 1974, kunkagwa mvula. Munavala malaya obiriwira, batani lachitatu palibe. Munandimanga pa mwendo wa tebulo mpaka ndinadzikodzera. Munati, 'Mwana uyu akadafa pobadwa, makolo ake akadapuma.' Sindinafe. Ndawerenga mabuku onse a m'laibulale. Chimene ndili nacho chili ndi dzina, ndipo si uchidzete."

Kumbuyo kunamveka mawu a bambo wina: "Ndi zoona zimenezo. Ndinali m'kalasimo."

A Kachigamba anatsitsa chimkuzamawu. Anapukuta thukuta m'kuzizira konse kuja. Palibe anawaseka, palibe anawaimbira nyimbo, ndipo Jestina anadabwa kuona kuti sizikumukhudza. Anatembenuka nayamba ulendo wa kwawo. Ng'oma zinayambiranso iye ali kale kutsidya la dambo.

Pachisankho a Kachigamba anagwa, ngakhale anthu ankati chinawagwetsa ndi nkhani ya feteleza. Sanapepese. Rafaelo anakhala sabata ziwiri osamuyankhula mlongo wake, kenako anangotulukira ndi dengu la mapichesi ouma, nalisiya pakhonde.

M'mawa wina, Jestina anapeza mayi atakhala pa sitepe ya laibulale, atafunda zitenje ziwiri. Anati dzina lake ndi Monika, wachokera ku Chimbiya wapansi.

"Ndinamva zomwe munanena pamsonkhano paja," anatero mayiyo, maso ali pa zala zake. "Kwathu amati ndine wonyada chifukwa sindicheza pamtondo. Chizungu sindichidziwa. Kodi m'buku lomwe munapezamo dzinalo alembamo za anthu otopa ndi macheza?"

"Mutu wachisanu," anayankha Jestina.

Anatsegula chitseko, nakoka mipando iwiri. Sanaiyang'anitse. Anaiika mogundana, yonse kuloza pazenera, pomwe nkhungu inkatsika pang'onopang'ono m'phiri. Ndipo anayamba kumumasulira bukulo, chiganizo chimodzichimodzi.